Mau Ochokera ku Khondowe: Nyumba Yakale Ifuna Anthu

Tonse tidziŵa kuti nyumba yosagonamo munthu sikhalitsa. Chiswe chimaloŵa, denga lidontha, ndipo pakapita dzinja ziŵiri kapena zitatu patsala bwinja.

Mu mzinda wa Vienna, m'dziko la Austria, muli chinyumba chokongola chimene anachitsiriza m'chaka cha 1735 kuti aziphunzitsiramo akavalo. Eni ake sanachisiyire akavalo okha. Anachititsiramo maphwando ndi zoimbaimba, ndipo mu 1848 aphungu a dzikolo anasonkhana momwemo. Chikadaimabe kufikira lero chifukwa anthu sanaleke kuloŵamo.

Ifenso kuno ku Livingstonia tili ndi chuma chotere. Dr Robert Laws anakhazikitsa mishoni paphiri lino mu 1894, atayamba wayesa ku Cape Maclear ndi ku Bandawe. Nyumba yake yamiyala, imene timaitcha Stone House, inamangidwa mu 1903. Mwini wake anabwerera kwao ku Scotland mu 1927, koma nyumbayo sinatsekedwe. Pambuyo pake inasanduka malo ogona alendo ndi osungirako zinthu zakale za mishoni.

Pafupi ndi nyumba yomweyi panachitika chinthu chimene mwana aliyense ayenera kuchimva. Pa nthaŵi ya mavuto a 1959, boma linatumiza ndege kudzafunsa ngati azungu a mishoni afuna kuchotsedwa. Yankho analilemba pabwalo ndi zilembo zazikulu zoyera: Aefeso 2:14. Akuda ndi oyera anasankha kukhalira pamodzi.

Tsono funso lathu nali: pamene tichitira misonkhano, maukwati ndi zisangalalo pa malo akale otere, kodi timawasiya bwanji? Taonapo ana athu akukanda maina awo pa makoma ndi msomali, akulu ali chipenyere. Tsamba likagwa manyazi agwira mtengo. Mwana wosauzidwa mbiri ya khoma adzaliona ngati bolodi la m'kalasi.

Sitikunena kuti tikhome zitseko, pakuti kutero ndiko kuitana chiswe. Tiyeni tizisonkhanamo, ndipo pa chimene alendo alipira tizipatulako ndalama zokonzera denga ndi mazenera. Inu makolo, mukakwera msewu wa Gorodi ndi ana anu, musathamangire ku mathithi a Manchewe kokha. Imani pabwalo lija muŵafotokozere. Inu achinyamata, phwando likatha tengani tsache. Amene anasema miyala imeneyi anapita, koma kusunga kwatsalira ife.