Kuwala Kosadziwa Khungu Lathu

"Atsibweni, taonani, lezala yatha ntchito," anatero mwana wa mlongo wanga amene amaluka tsitsi pamsika wa Mkanda, uku akundionetsa pafoni kamakina kogwira m'manja, kamene akuti kakang'anima pakhungu kangapo, ndevu ndi cheya cha m'khwapa zimaleka kumera, mawanga nawonso n'kuzimirira. Mnzake wa geni ya ku Lusaka wamulonjeza kuti amubweretsera. Chimene chinandilasa mtima si mtengo wake ayi, koma kuti mwa akazi onse omwetulira pachithunzipo, panalibe ndi mmodzi yemwe wa khungu lofanana ndi lake.

Makinawa amatchedwa IPL, ndipo boma la America linawavomereza mu 1995 pochiza timitsempha toonekera m'miyendo. Za tsitsi zinadza pambuyo. Kuwala kwake kumafunafuna melanin, utoto wachibadwa umene umadetsa tsitsi, ndipo kukaupeza kumasanduka moto wowotcha muzu wa tsitsilo. Pa munthu wa khungu loyera ndi tsitsi lakuda, motowo umalunjika pamuzu pokha. Koma ife amene Namalenga anatipatsa utotowo wochuluka kuchokera kumutu kufikira kuphazi, kuti utitchinjirize ku dzuwa la mu Okutobala pamene tili ndi khasu m'munda, kuwalako sikusiyanitsa tsitsi ndi khungu, ndipo kungasiye matuza, zipsera, kapena mawanga oyera ndi akuda okhalitsa. Pa muyeso wa khungu umene Thomas Fitzpatrick wa ku Harvard anauyamba mu 1975, umene lero uli ndi magulu 6, ambiri a ife tili m'magulu awiri omaliza, amene IPL imawotcha msanga. Ngakhale a Philips amalemba okha kuti makina awo a Lumea si a khungu lakuda kwambiri. Nanga wogulitsa wa pa WhatsApp adzakuwerengerani mawu amenewo? Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Phula limeneli tinalidya kale, ndipo ine ndakhala ndikulidandaula kufikira ena kutopa nane. Mafuta oyeretsa khungu, amene amayalidwa pamphasa tsiku la msika pamodzi ndi sopo ndi zipeso, analowa m'midzi yathu ya m'malire muno popanda wofunsa chimene chili m'botolo, pamene ena mwa iwo ali ndi hydroquinone, amene South Africa inamuletsa m'zodzola mu 1990, ena ali ndi mercury wowononga impso, ena mankhwala amphamvu opyapyalitsa khungu. Nonse mwawaona amayi athu ena kumaliro kapena kuchigayo: nkhope yofiirira, masaya othimbirira ngati opsa, mfundo za zala zakuda bii, timitsempha tikuonekera m'mphepete mwa maso, duku atalikokera pamphumi kuti dzuwa lisawalume. Anyamata amawaseka kuti nkhope Fanta, miyendo Coca-Cola. Ine sindiseka, pakuti ndife amuna amene tinayamba kutamanda kuyera pamaso pa akazi ndi ana athu, ndipo mlandu umenewu sitinauyankhebe pabwalo lililonse.

Sindikunena kuti vuto la cheya n'lachabe. Mnyamata amene khosi lake ladzala tiziphuphu chifukwa cha ndevu zopotana zobwerera m'khungu akameta, ndi mtsikana amene amazula ndevu mobisa m'mamawa anzake asanadzuke, onsewa akuvutika ndithu, ndipo ayenera thandizo loona. Thandizolo lilipo: madokotala a khungu amasankha laser ya Nd:YAG pa anthu akuda, chifukwa kuwala kwake kumalowa mozama osawotcha kwambiri pamwamba, ndipo wodziwa ntchito amayamba wayesa pakamalo kakang'ono n'kudikira aone mmene khungu layankhira. Mkazi amene ndevu zikumuchulukira, msambo wakenso n'kumadumphadumpha, ayambe wapita kuchipatala cha pa Mkanda kapena cha pa boma ku Mchinji, pakuti kawirikawiri gwero lake limakhala m'mahomoni a m'thupi, kumene kung'anima kwa makinawa sikufikako.