Vundukulani makompyuta, ana aphwasule

Pali mwambo wina umene wamera mizu m'sukulu ndi m'maofesi a dziko lino, ndipo ine ndikuti ndi mwambo wopusa. Kompyuta ikafika timaipatsa tebulo lakelake, kuifunditsa nsalu, kukhoma chitseko ndi loko wamkulu, kiyi n'kulowa m'thumba la bwana. Ikadwala palibe woitsegula. Ikafa timaiunjika pakona pamodzi ndi mipando yothyoka mpaka makoswe aswerane m'kati mwake. Kenaka bwana yemweyo amaimirira pamsonkhano, tayi ali pakhosi, n'kumadandaula kuti achinyamata a m'dziko muno alibe luso la sayansi. Luso alitenga kuti, abale anga, pomwe chophunzirirapo chake mwachikhomera?

Amene akufuna kuona kumene luso likuphukira apite pamsika wa Balaka kapena pa Liwonde. Apeza anyamata atawerama pa kabenchi, chowotcherera chili m'manja, patsogolo pawo pali mulu wa mafoni akufa, mawailesi ong'ambika ndi zidutswa za malaputopu zomwe anagula pamtengo wa kaunjika, zina ku Limbe, zina zobwera pa basi kuchokera ku Johannesburg. Anthu amawatcha otola zinyalala. Makolo ena amati mwana wapenga. Koma foni ya bwana ikazima, galimoto ya boma imakaima pa kabenchi komweko.

Ndakhala nawo pansi anyamatawa kangapo, ndipo zomwe amadziwa n'zoti mphunzitsi wa kompyuta aliyense anayenera kuzidziwa. Makompyuta ambiri omwe timati afa sanafe. Ina yangodzaza fumbi, fani yaleka kuzungulira, ndiye pa kutentha kwa Okotobala kwa kuno kwathu imadzizimitsa yokha kuti isapse. Ina kabatire kake kakang'ono, kooneka ngati ndalama yachitsulo, katha mphamvu, ndiye yaiwala tsiku ndi nthawi. Ina RAM yachita dzimbiri m'mano mwake: mnyamata amaizula, kuipukuta ndi chofufutira cha ana asukulu, kuibwezera, basi makina adzuka. Ina ndi kapasita imodzi yotupa pa motherboard, kanthu kochepa ngati mbewu ya chimanga, kamene amakachotsa pa makina ena akufa n'kukawotcherera apa. Makompyuta atatu akufa amatulutsa imodzi yamoyo. Ngakhale batire ya laputopu yomwe mwataya imakhala ndi timabatire tingapo m'kati, ndipo kawirikawiri tina timakhala tidakali tabwino. Anyamatawa amatiyeza, kusankha tamoyo, n'kupangira tochi kapena chotchajira foni.

Zonsezi anaziphunzira pophwasula. Palibe njira ina. Njinga sitiidziwa poiyang'ana pa chithunzi, ndipo kompyuta sitiidziwa poijambula pa bolodi ndi choko. Komatu ndi mmene ana ambiri akuphunzirira. Ndinafika pa sekondale ina m'boma la Machinga, dzina ndilisunge, kumene makompyuta opatsidwa ndi abwenzi akunja anali atakhomeredwa m'chipinda, ena amoyo, ena ongofuna kupukutidwa. Ana anali kulemba m'makope tanthauzo la mawu oti kiyibodi, chinthucho chili kuseri kwa khoma. Nditafunsa, anandiyankha kuti, "Ana aononga, achimwene. Eni ake akadzabwera kudzayendera tidzati chiyani?" Ndiye kuti makinawo anasungidwira alendo odzawerenga. Mwana wa Fomu 4 amaliza sukulu asanagwirepo.

Dziko lino linaphunzitsidwa kale phunziro limeneli, kawiri konse, koma ndife ogontha. William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, analeka sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, makolo atasowa fizi. Anabwereka buku la Using Energy ku kalaibulale ka pamudzi, n'kuyamba kufukula zitsulo pa dzala: fani ya thirakitala, mapaipi a pulasitiki, fulemu ya njinga, dayinamo. Anthu anati ndi misala. Anamanga makina oyendera mphepo n'kuyatsa magetsi kwawo. Mu 2007 anakayankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha, mu 2009 buku la mbiri yake linatuluka, mu 2019 anamupangira filimu. Pamenepo tonse tinayamba kumutcha mwana wathu.

Wachiwiri ndi Gabriel Kondesi wa ku Mulanje, amene analekezera sukulu ku pulayimale. Iyeyu analumikiza mawailesi akale, kaseti yakutha ndi foni, n'kutsegula nyumba youlutsira mawu yomwe anaitcha Pachikweza. Mu 2009 apolisi anamugwira chifukwa analibe chiphaso cha MACRA, ndipo khothi linamulipiritsa K50,000. Lamulo ndi lamulo, sindikutsutsa, pakuti mafunde a wailesi akasokonekera amatha kusokoneza ena. Koma taonani dongosolo lake: woyamba kufika pakhomo pa mnyamata waluso chotere anali wapolisi. Aphunzitsi ndi akufuna kwabwino anabwera pambuyo, nyuzipepala zitachita phokoso. Nanga a Kondesi angati ali ku Ntaja, ku Nselema, ku Ulongwe ndi ku Phalula amene nyuzipepala sizidzawapeza?

Wina anena kuti izi n'zoseweretsa za ana, ntchito yeniyeni imafuna makina atsopano. Mvetserani nkhani iyi. Mu 1999 kampani ya Netpliance ku America inayamba kugulitsa kakompyuta kotchedwa I-Opener pamtengo wa madola 99. Malonda sanayende, makinawo anasanduka kaunjika. Gerry Douglas ndi anzake a Baobab Health anawagula pa eBay motchipa, kuwaphwasula, kuwaika sikirini yodina ndi chala, ndipo mu 2001 anayamba kulembera odwala pa chipatala chachikulu cha Lilongwe. Ankadya magetsi ochepa, motero ankatha kuyendera mabatire magetsi akazima. Kuchokera pamenepo panatuluka gulu la a Malawi olemba mapulogalamu, ndipo ntchito yawo inafalikira m'zipatala zambiri zosamalira omwa ma ARV. Zinthu zomwe Azungu anataya zinasunga mbiri ya odwala athu chifukwa panapezeka anthu osaopa sikuludiraiva.

Ndipo Azunguwo nawonso anayambira pa kabenchi. Steve Wozniak anakaonetsa kompyuta yake yoyamba ya Apple mu 1976 ku kagulu ka anthu okonda kuseweretsa mawaya kotchedwa Homebrew Computer Club. Linus Torvalds anali mwana wasukulu ku Helsinki pomwe anayamba Linux mu 1991, akungodzisangalatsa, ndipo lero mafoni a Android omwe ali m'matumba mwathu amayendera maziko a ntchito yakeyo. Akanakhala kuno tikanati akutaya nthawi, apite akathirire dimba.

Pali ena odzudzula amene ndimawalemekeza. Iwowa amati makompyuta akale ndi zinyalala za mayiko olemera, ndipo Africa asasanduke dzala. Akunena zoona. Masikirini akale a chimbuyo chachikulu aja ali ndi mtovu, ndipo utsi wa mawaya otenthedwa pofuna kopa umaononga mapapo. Amene anaona zithunzi za Agbogbloshie ku Accra akudziwa. Ndi chifukwa chake mayiko anapangana za zinyalala zoopsa ku Basel mu 1989 ndi ku Bamako mu 1991. Komatu ndani angasiyanitse makina ogwira ntchito ndi chinyalala chenicheni? Ndi yemwe uja amadziwa kutsegula n'kuyeza. Dziko lopanda amisiri limalandira chilichonse n'kuwomba m'manja. Ndipo nkhaniyi yafika pouma tsopano: pa 14 Okotobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, pomwe Windows 11 imakana makina ambiri akale. Makompyuta abwinobwino akutulutsidwa m'maofesi a kunja, ndipo ena atsikira kuno. Tikakhala ndi ana odziwa kuikamo Linux yopepuka, amenewo ndi makalasi athunthu. Tikapanda kutero, ndi mulu wina wa makoswe.

Ena amati kumudzi kulibe magetsi, kulibe intaneti. Zoona, kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa mabanja 100 aliwonse, pafupifupi 11 okha ndiwo ankaunikira ndi magetsi. Koma tayendani m'misika ya kumudzi muone masola ali pa madenga, akutchaja mafoni ndi kuyendetsa makanema a mpira. Kakompyuta ka Raspberry Pi, komwe kanatuluka mu 2012 pamtengo wa madola 35, kamayendera mphamvu yonga ya chotchajira foni. Ndipo kuphunzira kulemba pulogalamu sikulira bandulo. Python ukaiika kamodzi imagwira ntchito popanda intaneti. Scratch ya ana ang'ono chimodzimodzi. Pulogalamu ya Kiwix imasunga Wikipedia pa hard disk kuti mwana awerenge ali ku Nayuchi. Mtsikana amene walemba kapulogalamu kowerengera ngongole za banki m'khonde ya amayi ake waphunzira masamu oposa a pa mayeso, ndipo waona ndi maso kuti makina amamvera iye.

Anthu a ku Balaka sayenera kuuzidwa zimenezi ndi mlendo. Nyimbo za Balaka zomwe zinagwedeza dziko lino zinachokera kwa achinyamata a pa parishi amene analoledwa kugwira zida. Alleluya Band inayamba mu 1978, ndipo m'menemo munadutsa Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius. Bambo Mario Pacifici akanakhomera magitala m'kabati poopa kuti ana adula nsambo, bwenzi tikuvina chiyani zaka zonsezi? Nsambo zimaduka ndithu, koma woimba amabadwira pomwepo. M'mera mpoyamba.

Tsono pempho langa ndi ili. Inu akuluakulu a makhonsolo a Machinga ndi Balaka, tsegulani zipinda zosungiramo katundu muwerenge makompyuta ndi mapulinta akufa omwe ali m'menemo. Lamulo loyendetsa kagulidwe ndi katayidwe ka katundu wa boma lilipo, litsateni, koma mapeto ake makinawo apite ku makalabu a ana asukulu m'malo moolera pakona. Fufutani kaye zinsinsi za ofesi pa hard disk, kapena izuleni, zotsalazo perekani. Inu a hedimasitala, patulani tsiku limodzi pa sabata loti ana amasule makina, atsikana akhale patsogolo, pakuti pa mabenchi a pamsika paja ndi osowa. Itanani mnyamata wa pamsika adzaphunzitse, mumulipire ngati mmisiri, musamufunse satifiketi. Inu a TEVETA, pitani kumene kuli anyamatawa, muwayese pa zomwe manja awo akudziwa, muwapatse pepala, muwaphunzitsenso kuopsa kwa mtovu ndi utsi. Ndipo inu makolo, mwana akamasula wailesi yakufa musathamangire chikoti. Mufunseni chomwe wapezamo.

Pomaliza, taganizirani za phiri la Kangankunde, m'boma lomweli la Balaka. Pansi pake pali miyala ya mtengo wapatali yokhala ndi neodymium, ndipo mu 2022 kampani ya Lindian Resources ya ku Australia inapangana zogula mgodiwo. Neodymium ndi yomwe amapangira maginito amphamvu a mu hard disk, m'timasipika ta foni ndi m'mainjini a galimoto zamagetsi. Mnyamata wa pamsika wa Balaka akaphwasula hard disk yakufa n'kutulutsa kamaginito kokana kuchoka pa chitsulo, wagwira m'manja mtundu womwewo wa chuma chomwe chagona pansi pa mapazi ake. Miyalayo idzakwera sitima kapena malole, idzapita kutali, ndipo idzabwerera ili m'makina omwe tidzagule ndi ndalama zakunja zomwe tilibe. Ana athu adzakhala mbali iti ya malonda amenewa? Ngati tipitiriza kuwaletsa kumasula ngakhale sikuluu imodzi, ntchito yawo idzakhala yokumba, kusenza ndi kulondera pageti, ndipo olakwa tidzakhala ife amene tinasunga kiyi.