Kamera yosaona mwana ndi yantchito yanji?

Anzanga akuno kumudzi, ndi inu abale a ku Lilongwe ndi ku Blantyre amene mumakonda kufunsa kuti “kodi yatsopano ija ikuyenda bwanji”, lero ndiyankhe nonse pamodzi. Ikuyenda, inde. Koma opanga ndi ogulitsa galimoto zamakonozi akutilipiritsa zinthu zonyezimira zimene sizigwira ntchito pamsewu wafumbi, ndipo ife tikungowombera m’manja.

Pikapuyi ndinagula yatsopano, ndi ndalama za fodya ndi soya za zaka zisanu. Pogulitsa ankanyadira kamera yakumbuyo. Amati mukaika rivesi, zonse zikuonekera pa sikirini, simuvutikanso kutembenuza khosi. Pa simenti yawo yosesedwa bwino ija zinkaonekadi. Bwerani nayo kuno muone. Kamerayo anaiika pachitseko chakumbuyo, pomwe fumbi lonse limazungulira n’kudzamatirira galimoto ikamathamanga. Makilomita 5 okha kuchoka pa tala, chithunzi chimakhala ngati mukuyang’ana m’chikho cha thobwa. Dzinja ndi matope. Kukayamba kachisisira ndiye manyerenyere okhaokha, chitsa ndi mbuzi osasiyanitsa. Ngakhale itapukutidwa, diso lakelo limatambasula zinthu: chimene chili pafupi chimaoneka ngati chili patali.

Wina anena kuti ingopukutani basi. Ndimapukuta, achimwene. Koma nkhani yagona apa: kumbuyo kwa galimoto zimenezi n’kwakutali kuchoka pansi, moti mwana wazaka 3 akaima pamenepo samaoneka pagalasi lililonse. Ndiye ukasenza matumba a chimanga, galasi lam’kati latha ntchito. Ku America anachita kuika lamulo loti kuyambira mu May 2018 galimoto zing’onozing’ono zonse zatsopano zizikhala ndi kamera yakumbuyo, chifukwa cha ana amene ankapondedwa pakhomo. Si chokongoletsera ayi, ndi nkhani ya moyo. Nanga ana athu amene amathamangira galimoto ikangolowa m’mudzi, si ana? Kamera yosaona bwino ndi yoopsa kuposa kupanda kamera, chifukwa dalaivala amaikhulupirira n’kuleka kutsika kukayang’ana.

Si kamera yokha. Timasensa takumbuyo timalira ndi udzu uliwonse, mpaka munthu umazolowera, tsiku loti talirira chinthu chenicheni sumvanso. Fumbi limalowa pamalabala a zitseko, ukafika kutchalitchi malaya oyera asanduka akatondo. Pa dashibodi pakayaka kanyali, makaniko wathu wa pa tuledingi senta, amene wakonza malole zaka zonsezi ndi khutu ndi sipanala, amangogwira m’chiuno. Akuti mpaka kompyuta ya kutauni. Ndiye uwotche dizilo ulendo wonsewo, tsiku lakumunda lipite, kukafika akuuze kuti “palibe vuto bwana, ndi misewu yanu.” Misewu yanga? Pogulitsa sankadziwa kuti misewu yambiri m’Malawi muno ndi yafumbi? Pikapu imapangidwira ndani ngati si mlimi?

Chiwagwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chipangizo chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo koopsa. Ndiye munthu walipira ndalama zonsezo, azikhalanso ndi kansanza m’thumba kopukutira kamera? Galimoto zina zili ndi kapaipi kopopera madzi pakamera, ngati mmene zimakhalira pagalasi lakutsogolo. Nzeruyo ilipo kale. Kungoti akuona kuti ife sitidandaula.

Inu a m’tauni, musamatinyengerere ndi masikirini. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m’kati muli nyerere. Amene akufuna kugula, auzeni ogulitsawo kuti mukaiyesere pamsewu wafumbi, madzulo, itasenza katundu. Afunseni kuti walanti ikukhudza kamera ndi masensa kapena ayi, ndipo alembe papepala. Vuto lililonse mukalinene polemba kalata, musunge kope lake, chifukwa zapafoni amakana mawa. Akakana kuiyesa pafumbi, nyamukani, ndalama ndi zanu.

Ndipo inu amayi ndi abambo a m’mudzi muno, chonde, mukamva galimoto iliyonse ikulira, gwirani ana padzanja. Madalaivala anzanga, tsikani muzungulire galimoto musanabwerere m’mbuyo, kaya muli ndi kamera kaya mulibe. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Amene muli ndi galimoto zamakonozi, lembani m’munsimu ngati zanu zikuona bwino pafumbi. Tikachuluka, kalatayo tikapereke pamodzi.