Ngongole si mphatso

A Mkonzi,

Nkhani yanu yotamanda achinyamata odzipereka ochokera kunja, amene amadzakongoza ndalama amayi a geni kuno ku Milange, yandikhumudwitsa. Mwalemba ngati ngongole ndi mphatso.

Mayi wogulitsa nyemba amabweza ngongole mu metikali, pomwe makasitomala ake owoloka pa Muloza amamulipira kwacha. Kwachayo itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, analira ndani? Namondwe Freddy atakokolola minda mu Malichi chaka chomwecho, ena anagulitsa mbuzi ndi njinga kuti abweze. Pamenepo alendo anuwo anali atajambula kale zithunzi n'kukwera ndege.

Bwanji osalemba za banki mkhonde? Kumeneko chiwongoladzanja amagawana eni ake pakutha pa chaka, ndipo wina akagwa m'mavuto anzake amamva. Musanatamande wokongoza, kafunseni kaye wobweza.

Wowerenga wanu,
Milange