Malungo Osamva Mankhwala M'cigwa ca Luangwa

Munthu wokhala m'cigwa ca Luangwa akamwa mankhwala a malungo koma thupi osaleka kutentha, abale ake asafulumire kumtengera kwa ng'anga. Ayambe amfunsa ngati analumidwa ndi kashembe, pakuti matendawo angakhale kaodzera.

Nchenche imeneyi imayamwa mwazi wa mbawala ndi nyama zina za m'thengo, nitengako tizirombo tosaoneka ndi maso. Ikaluma munthu, tizirombo timalowa pamodzi ndi malovu ake, ndipo polumidwapo nthawi zina pamabuka cotupa cowawa. Kucokera pamenepo timafalikira m'mwazi ndi kuswana. Wodwala amamva mutu, kutentha thupi ndi kuphwanya m'mfundo, monga momwe malungo acitira. Apa ndi pamene ambiri amasokera.

Pakapita masabata owerengeka tizirombo timafika ku ubongo. Wodwala amasinza usana, usiku tulo osabwera. Amalankhula zosamveka, ena nakhala aukali ngati amisala. Mtundu uwu wa kaodzera, umene unazindikirika m'caka ca 1910 pa munthu amene anautenga ku Luangwa komweko, sucedwa: popanda cithandizo umapha m'miyezi yocepa.

Acipatala naonso ali ndi mbali yao. Kacipangizo koyesera malungo sikaonetsa kaodzera. Mwazi uyenera kupimidwa pa makina oonera tizirombo. Tsono wodwala wocokera ku Chama, Mambwe kapena Rufunsa asabwezedwe kumudzi ndi Panadol cabe. Mankhwala alipo. M'caka ca 2024 bungwe la WHO linavomereza akumwa ochedwa fexinidazole, kuti kwa odwala ambiri alowe m'malo mwa nyeleti ya melarsoprol imene inali kupha odwala ena.