Kanjinga ka matayala onenepa: tipange ka ntchito, osati ka matama

Uthengawu ndi wautali, koma a bandulo yochepa musadandaule, ndi mawu okhaokha.

Masiku ano mavidiyo a tinjinga tamoto topanga pakhomo, ta matayala onenepa ngati mbiya, akuzungulira m'magulu athu. Munthu watenga mapaipi, kainjini ndi matayala awiri, wawotcherera, wapenta, kenako vuu pamsewu. Aliyense akuti ifenso tipange. Ine ndikuti eya, tipange. Koma tikapanga kongodzionetsera pamsika, titaya ndalama, mwinanso mwendo. Kanjinga kotere kali ndi ntchito yeniyeni kwathu kuno: kunyamula nsomba kuchokera padoko mpaka pamene mchenga wathera. Ndiye kapangidwe kake konse kazitsata ntchito imeneyo.

*Chinsinsi chili mu mpweya*

Tonse tikudziwa zimene mchenga umachita. Wa kabaza amatsika n'kuyamba kukankha. Njinga yamoto imakumba dzenje ndi tayala lakumbuyo. Pamene zikutero dzuwa likukwera, ayisi akusungunuka m'bokosi, ndipo chambo chikafewa wogula ndi amene amatchula mtengo.

Tengani nkhafi muibaye mumchenga, ilowa. Muigoneke pansi n'kuiponda, siilowa. Kulemera kwanu n'komweko, chasintha ndi malo amene agunda pansi. Tayala la njinga yamoto limapopedwa mpweya pafupifupi 30 psi. Tayala lonenepa la tinjinga ta miyendo inayi tija timayenda m'tchire limakhala ndi mpweya wosafika 10 psi. Mukatsitsa kuchoka pa 30 kufika pa 7, malo ogunda pansi amakula pafupifupi kanayi, ndiye tayala limayandama m'malo mokumba. Mukalipopa gwa ngati mpira, mwapha phindu lake lonse.

Azungu amene anayamba zimenezi sankafuna zithunzi ayi. Ku Utah, America, mkulu wina dzina lake Ralph Bonham anapanga kanjinga kotchedwa Tote Gote, komwe kanayamba kugulitsidwa mu 1958. Cholinga chake chinali kukwera mapiri ndi kunyamula nyama pochokera kosaka. Rokon, yomwe imakoka ndi matayala onse awiri, ili ndi malimu obowoka m'kati moti mutha kusungamo madzi kapena mafuta. Mu 1987 Shinji Kazama wa ku Japan anafika ku North Pole pa Yamaha TW200, njinga ya tayala lonenepa kumbuyo. Zonsezi zinapangidwira malo amene msewu kulibe. Ife malo oterowo tili nawo pakhomo penipeni.

*Yambani ndi matayala*

Musadule paipi ngakhale imodzi matayala musanawagwire m'manja. Saizi ngati 19x7-8 siipezeka m'shopu iliyonse. Nthawi zambiri mpaka kuitanitsa m'tauni kapena kutuma amene amapita ku Dar es Salaam ndi ku Joni. Ngati thumba likulola, gulani atatu, lina likhale lapadera. Fulemu imangidwe mozungulira tayala limene muli nalo.

Ena akuti tingoika la wilibala. Limenelo analipangira liwiro la munthu woyenda pansi, mabeling'i ake sangapirire injini. Enanso akuti la galimoto. Pansi pake ndi pafulati, pomwe njinga imakhota popendekeka, ndiye pakona lizilimbana nanu.

*Injini: yang'anani shafuti*

Injini imene ambiri amaika ndi ya mtundu wa Honda GX160 kapena GX200, ndi zinzake za ku China zolembedwa 168F, zija za 5.5 ndi 6.5 hp. Ndi zomwe zili pa mapampu a kudimba ndi pa majenereta. Koma samalani. Ya jenereta shafuti yake imapita ikuonda kunsonga. Ya pampu nthawi zambiri imakhala ya mazinga. Kilatchi imafuna shafuti yowongoka yokhala ndi kampata ka kiyi, ya mamilimita 19 kapena 20. Mukagula injini musanayeze, mudzabwereranso kwa makaniko kukasintha kilankishafuti yonse.

Njira ina, yomwe kwa ambirife ndi yapafupi, ndi injini ya njinga yamoto imene fulemu yake inatha. Imabwera ndi magiya ndi kilatchi yake kale, ndipo masipeya ake ali pamsika uliwonse waukulu.

*Masamu pang'ono, musathawe*

Injini za mapampuzi zimazungulira ka 3,600 pa mphindi. M'mavidiyo ambiri amaika mano 10 kutsogolo ndi 60 kumbuyo, kutanthauza kuti injini ikazungulira ka 6, tayala lazungulira kamodzi. Tayala la mainchesi 19 likazungulira kamodzi limayenda mita imodzi ndi theka. Ndiye 600 kuchulukitsa ndi 1.5 ndi mamita 900 pa mphindi, omwe ndi makilomita 54 pa ola. Padoko liwiro limenelo mupita nalo kuti? Choipa china, kilatchi yodzigwira yokhayo siigwira bwino injini isanakwere pafupifupi ka 2,000. Mukamayenda pang'onopang'ono ndi mabeseni a usipa imangoterereka, kutentha, mpaka kupsa.

Yankho ndi kuika kashafuti kapakati kokhala ndi masipuloketi awiri, kuti injini izizungulira ka 12 tayala likazungulira kamodzi. Liwiro litsika kufika pa makilomita 27 pa ola, koma mphamvu yokoka iwirikiza kawiri. Kashafuti komweko kamathandizanso kutulutsa tcheni kunja kuti chisamakhule tayala lonenepalo. Kanjinga kochedwa koma kokoka ndi kamene kangabweze ndalama zanu.

Ndipo gavanala musachotse, chonde. Ndi amene amaletsa injini kuthamanga mopyola. Fulaiwilo ya injini zimenezi sanaipangire liwiro lopitirira pamenepo, ndipo ikasweka zidutswa zake zimauluka pafupi ndi miyendo yanu.

*Ndalama ya penti ipite ku mabuleki*

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi ambiri. Munthu agula utoto wonyezimira, timagetsi tamitundumitundu ndi sipika, koma buleki akuti ndiziponda pansi. Aise, chikomekome cha mkuyu. Tengani buleki ya njinga yamoto yakufa muike kumbuyo, ndipo ngati n'kotheka ina kutsogolo. Tcheni chivindikiridwe, chifukwa padoko pali ukonde, zingwe, zitenje ndi zala za ana. Pahandulo pakhale batani lozimitsira injini, poti mchenga ukalowa mu waya wa mafuta injini imatha kukana kutsika.

Fulemu ikhale ya paipi yakuda yochindikala bwino. Chitsulo cha konkire chisiyeni ku zomangamanga. Paipi ya madzi yoyera ija imatulutsa utsi wodwalitsa pouwotcherera, ndipo mukapanda kupala bwino, polumikiza pake sipagwira. Malo oopsa kwambiri ndi pakhosi, pamene foloko imalumikizana ndi fulemu. Dulani khosi la njinga yamoto yakale mugwiritse ntchito limenelo, muikenso timapuleti tolimbitsa mbali zonse. Wowotcherera akhale amene ntchito yake munaionapo itasenza katundu. Kuwotcherera geti n'kwina, kuwotcherera chinthu chonyamula munthu n'kwinanso.

Kumbukiraninso kuti mchenga ndi mdani wa injini. Sefa ya mpweya izitsukidwa pafupipafupi. Tcheni mukachinyowetsa oyilo wambiri, mchenga umamatirira n'kuyamba kudya mano a sipuloketi ngati tupa.

*Pa tala ayi*

Njinga yamoto iliyonse yoyenda pamsewu wa boma imafunika kulembetsa ku Road Traffic, inshuwalansi, laisensi ndi chisoti. Koma tisiye kaye za apolisi. Tayala la mpweya wochepa pa tala limadumphadumpha, limatentha, ndipo pakona limachita makani. Kuika kanthu kotere pa M5 pakati pa mathiraki ndi maminibasi ndi kuitana maliro. Mu 1970 Honda anatulutsa ATC90, kanjinga ka matayala atatu onenepa. Anthu anakakonda, anayamba kuthamangitsa, anapatsanso ana. Ngozi zitachuluka, mu 1988 makampani anagwirizana ndi boma la America kusiya kugulitsa tinjinga tatsopano ta matayala atatu. Matayala onenepa amapusitsa, amaoneka ngati chidole.

Ngakhale padoko pomwepo pakhale mwambo. Kambiranani ndi a komiti ya padoko kuti kazidutsa njira iti, kutali ndi mathandala, maukonde oyanika ndi posambira ana. Wokwera avale chisoti ndi nsapato, osati mapatapata. Wamwa kachasu asakakhudze.

*Mafunso amene ndikudziwa kuti abwera*

Wina ati, bwanji osangophwetsa pang'ono tayala la njinga yamoto wamba? Zimathandiza pang'ono, koma tayala lowonda likachepa mpweya limu imaluma chubu ndipo valavu imang'ambika. Komabe ndivomereze chimodzi: ngati doko lanu msewu wolimba umafika mpaka kumadzi, kanjingaka simukukafuna. Ndalamayo gulani ukonde.

Wina ati, nanga amayi ndi anyamata amene amadya za kusenza mabeseni? Funso limeneli ndi lolemera, tisalizembe. Kanjinga kakakhala ka bwana mwini boti, ganyu wawo wapita. Ndiye maganizo anga ndi akuti osenzawo ndi amene ayambe. Anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi asonkhe kudzera ku banki m'khonde, kanjinga kakhale kawo, azilipiritsa pa ulendo, ndipo kagawo kazisungidwa ka mafuta ndi masipeya. Ntchito ikhala yawo yomweyo, koma khosi ndi msana zipuma.

Mwera ukamawomba mu June ndi July maboti amakhala kumtunda masiku angapo, anyamata n'kumangosewera bawo. Nthawi yopangira ndi imeneyo. Mukamaliza, musayambe ndi kujambula. Mangani matumba awiri a mchenga pakaliyala, yendani pamchenga wouma wa masana, gwirani buleki mwadzidzidzi kangapo, kenako muyang'ane polumikiza paliponse ngati pali mng'alu. Kakapambana pamenepo, pentani mtundu umene mukufuna.

Amene mukudziwa wowotcherera wodalirika kapena kumene kukupezeka matayala a saizi imeneyi, lembani m'gulu muno kuti tonse tidziwe. Tumizaninso kwa anzathu a madoko ena.