Kanema wa Khirisimasi alowe m'kalasi

Amene anafikako ku Likhubula, patsinde pa phiri la Mulanje, andivomereza. Galimoto ya alendo ikangoima pa ofesi ya zankhalango, anyamata operekeza alendo amayamba kukambirana nawo za ulendo wa ku Chambe kapena ku Sapitwa, nsonga ija yotalika mamita 3,002. Amene Chingerezi chimatuluka bwino pakamwa ndiye amamvana msanga ndi mlendo. Wogulitsa ziboliboli naye chimodzimodzi. Kumeneku Chingerezi ndi khasu, amadyera momwemo.

Tsono funso langa ndi ili: kodi ana athu Chingerezi cholankhula achimvera kuti? Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi anadzaza mpaka ena kumaphunzirira pansi pa mtengo. Mwana wa kumudzi amafika Sitandade 8 Chingerezi atangochimva kwa aphunzitsi ake basi. Komatu pa mayeso a MSCE, ukalephera Chingerezi satifiketi palibe, ngakhale masamu utakhoza chotani.

Pa tchuthi cha Khirisimasi ana omwewa amaswera m'tinyumba toonetsera vidiyo. Tsoka lake mafilimu ambiri masiku ano ndi omasulira, mawu a DJ aphimba mawu a osewera. Amaseketsa, sindikukana, ngakhale ine ndimaseka. Koma mwana amatuluka muja osatolapo liwu ndi limodzi lomwe.

Ine ndikuti kanemayu alowe m'kalasi. Sabata yomaliza ya teremu, mayeso atatha, aphunzitsi amatanganidwa ndi kuchonga pamene ana akungosewera panja. Nthawi ndi imeneyotu. Tengani Home Alone, filimu ya 1990 ya kamnyamata Kevin kamene makolo anakaiwala panyumba popita ku Paris kukadya Khirisimasi. Osaonetsa yonse ayi, mphindi 10 zakwana. Poyamba zimitsani mawu, ana anene m'Chingerezi zimene akuona. Kenaka muyatse mawu, amve m'mene eni chiyankhulo amafunsirana ndi kuyankhana. Pomaliza aliyense alembe chimene akuganiza kuti chichitike kutsogolo.

Ena akuti za chipale chofewa zikukhudza chiyani mwana wa ku Mulanje? Pamenepo mpamene pali phunziro. Mwanayo afotokoze m'Chingerezi Khirisimasi yake: mvula, kupalira chimanga, mpunga wa nkhuku, malaya atsopano. Wina akhale mlendo wofunsa, wina womuperekeza ku Dziwe la Nkhalamba. Ndipo nkhani zathu zilipo. The Boy Who Harnessed the Wind, filimu ya 2019 yonena za William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, imasakaniza Chichewa ndi Chingerezi, moti mwana sasochera.

Nanga sukulu zopanda magetsi? Apa ndiye ndikupempha inu abale anga a geni. Mwini vidiyo ali ndi sikirini, ali ndi sola kapena jenereta. Atapereka m'mawa umodzi wokha, pa mtengo wogwirizana ndi komiti ya sukulu, angaluze chiyani? Mutu umodzi susenza denga. Inunso ophunzira a m'tauni amene muli ndi mafoni, sankhani filimu yosamasulira, muyatse mawu olembedwa m'munsi aja, kope lili pambali.

Chenjezo langa lipite kwa aphunzitsi. Muyambe mwaionera nokha filimuyo, chifukwa si zonse zoyenera ana. Ndipo kuyatsa kanema n'kukakhala mu ofesi si kuphunzitsa, n'kuthawa ntchito. Mayeso a MSCE safunsa za Kevin, nzoona, ndipo buku silingalowedwe m'malo. Koma mwana amene khutu linazolowera chiyankhulo saopa kuchilemba.

Ana aonera ndithu kanema Khirisimasi ikubwerayi, tifune tisafune. Chatsala n'chakuti atolepo kanthu.